Nsomba Pansi, Ndiwo Pamwamba: Kulima Pakhomo ndi Madzi Ochepa

Kabuku ka mabanja a ku Petauke ndi ku Nyimba

Mawu oyamba

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala, ndiwo zimavuta m'makomo ambiri a kuno. Madambo amauma, zitsime zimatsika, ndipo mayi amene waima pamzere ku mjigo kuti atunge ndowa zitatu sangathire ziwiri pa bedi la repu. Chilala cha 2023/24, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinaumitsa ngakhale madimba amene anthu ankati sauma. Nsomba nazo sizipezeka mwachisawawa. Kuyambira 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limaletsa kugwira nsomba m'mitsinje yambiri ya Zambia kuti ziswane.

Kabuku kano kakufotokoza njira yolimira ndiwo m'miyala, popanda nthaka, pogwiritsa ntchito madzi a m'thanki ya nsomba. Akatswiri amaitcha akwaponiksi. Madzi ake ndi omwewo ozungulira: amachoka kwa nsomba, amadutsa m'mizu ya ndiwo, n'kubwereranso kwa nsomba. Otayika ndi okhawo amene mbewu zamwa ndi amene dzuwa laumitsa. Pa thanki ya malita 600, masiku ambiri ndowa imodzi ya malita 20 imakwanira kubwezera.

Tisanapite patali, dziwani kuti thanki imodzi siidzakulemeretsani ndi nsomba. Idzakupatsani nsomba 15 zokha patatha miyezi 6 mpaka 8. Phindu lake lenileni ndi ndiwo zamasamba zothyola sabata ndi sabata, pakhomo pomwepo, ngakhale mu Okutobala. Ngati muli ndi dimba la madzi osaphwa chaka chonse, kumbani damu la nsomba. N'lotsika mtengo ndipo silifuna pampu. Njira ino ndi ya banja la malo ochepa ndi madzi ochepa, monga la m'komboni ya pa boma, la mphunzitsi wokhala panyumba ya sukulu, kapena la m'mudzi wodalira mjigo.

Mmene zimayendera

Nsomba ikadya imatulutsa amoniya popuma ndiponso m'ndowe zake. Amoniya akachuluka m'madzi amaipha. M'miyala yonyowa mumamera tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa bakiteriya. Gulu lina la bakiteriya limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene ndi chakudya cha mbewu. Mizu ikamwa naitireti, madzi amabwerera kwa nsomba ali bwino.

Choncho mukuweta zamoyo zitatu: nsomba, mbewu ndi bakiteriya. Zonsezi zimafuna mpweya wa m'madzi, ndipo mpweyawo umalowa madzi akamayenda. Pampu ikaima nthawi yaitali, zonse zitatu zimayamba kuvutika pamodzi, ndipo zoyamba kufa ndi nsomba zikuluzikulu zimene mwazidyetsa miyezi yambiri.

Yambani ndi nkhani ya magetsi

Anthu ambiri amayamba ndi kugula thanki, pampu n'kuiganizira pomaliza. Chitani mosiyana. Mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, magetsi a ZESCO ankazima maola oposa 17 pa tsiku m'madera ambiri. Nsomba zothithikana m'thanki sizingadikire maola otere, makamaka usiku wotentha wa kuchigwa cha Luangwa, poti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa kuposa ozizira.

Gulani pampu ya 12 V yoyendera batire, yokweza malita 800 mpaka 1,000 pa ola, kuti madzi onse a m'thanki azizungulira kamodzi pa ola. Onjezani kapampu kopopera mpweya kokhala ndi kamwala kotulutsa thovu. Ziwirizi zikamadya mawati 25 pamodzi, zidzafuna 600 Wh pa tsiku. Pamenepo pafunika sola ya mawati 150 mpaka 200, kontolola, ndi batire ya 100 Ah. Batire imeneyi ndi ya nsomba basi. Ikayamba kutchajira mafoni a m'mudzi wonse ndi kuonetsera mpira, idzatha mphamvu mbandakucha, nthawi yomwe mpweya umakhala wochepa kwambiri m'madzi.

Batire ikafooka, zimitsani pampu yamadzi, musiye ya mpweya ikuyenda. Zonse zikaima, lekani kudyetsa, ndipo muzitunga madzi a m'thanki ndi ndowa n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba mobwerezabwereza.

Zofunika kusonkhanitsa

- Thanki ya pulasitiki yoyera ya malita 1,000 ya m'chitsulo chake, imene ogulitsa amaitcha IBC. Funsani chimene chinalimo. Ya mafuta ophikira, shuga kapena zakumwa ndi yabwino. Ya mankhwala, dizilo, penti kapena yosadziwika mbiri yake, isiyeni ngakhale itatsika mtengo.
- Miyala ya masentimita 1 mpaka 2, yokwana malita 300, ndiye kuti ndowa 15 za malita 20. Nsangalabwi za kumtsinje kapena miyala yophwanya ya omanga nyumba, zonse zimagwira. Mchenga ayi, umatseka madzi.
- Mapaipi a pulasitiki a 25 mm, 75 mm ndi 110 mm, kapu ya 75 mm, cholumikizira paipi ku thanki chokhala ndi labala, ndi kavavu kochepetsera madzi.
- Njerwa kapena mabuloko, ndi matabwa olimba.
- Ukonde kapena waya wovundikira, ndi mphasa zakale.
- Zoyezera madzi: pH (muyeso wa asidi m'madzi), amoniya ndi naitiraiti. Zimapezeka m'masitolo a nsomba zoweta ku Lusaka, ndipo mabanja angapo angasonkhe n'kugula bokosi limodzi.

Musanagule miyala, thirani viniga pa ingapo. Ikachita thovu ndi ya laimu. Idzakweza pH mpaka mbewu kulephera kudya. Pewaninso malata ndi mapaipi a kopa pamene pakudutsa madzi, chifukwa zitsulozi zimadwalitsa nsomba.

Malo

Sankhani malo athyathyathya, olimba, oonekera muli pakhonde, olandira dzuwa la m'mawa kwa maola 6 kapena kuposa. Pansi pa mango kapena mtengo wina woyoyola masamba sipoyenera. Mangani mpanda: mbuzi, nkhumba ndi nkhuku zidzabwera tsiku loyamba lomwe.

Kumanga

1. Tulutsani thanki m'chitsulo chake. Itsukeni ndi madzi okhaokha kangapo, popanda sopo, n'kuiyanika padzuwa.
2. Lembani mzere kuzungulira, masentimita 30 kuchokera pamwamba, ndipo dulani ndi sowo. Dulaninso chitsulo pa muyeso womwewo. Chapansi chachikulu ndi nyumba ya nsomba, yosunga madzi pafupifupi malita 600. Chapamwamba mukachitembenuza ndi bedi la ndiwo, lokula mamita 1.2 mlitali ndi mita 1 mlifupi.
3. Khazikani chapansi pa njerwa zoyala mofanana.
4. Mangani nsanamira za mabuloko m'mbali, muyale matabwa, mukhazike bedi pamwamba pa thanki. Miyala ndi madzi a m'bedi zimalemera pafupifupi theka la tani, choncho musasenzetse pulasitiki kulemera kumeneku. Likankhireni bedi kumbuyo kuti kutsogolo kutsale mpata woonera ndi kudyetsera nsomba.
5. Boolani pansi pa bedi, mumange cholumikizira, muimike paipi ya 25 mm yotalika masentimita 25. Kunsi kwake kutulutsire madzi m'thanki.
6. Dulani paipi ya 75 mm yotalikirapo pang'ono, muitseke pamwamba ndi kapu, muicheke mipata m'munsi, n'kuivundikira pa paipi yoimirira ija. Iyi ndi belu. Madzi akadzaza bedi, belu imawakoka onse mwakamodzi, mizu n'kupuma, kenako bedi limayambanso kudzaza.
7. Zingani belu ndi paipi ya 110 mm yobooleza timabowo tambiri, kuti miyala ndi mizu zisalowe.
8. Tsukani miyala mpaka madzi otsukira atayera. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo ambiri amaidumpha, koma fumbi lotsala ndilo limapha pampu. Dzazani bedi mpaka miyala itapitirira nsonga ya paipi yoimirira ndi masentimita 3 mpaka 5, kuti pamwamba pazikhala pouma.
9. Ikani pampu pansi pa thanki, paipi yake ikwere kukathira m'bedi kumbali yotalikirana ndi belu.
10. Kutirani thanki ndi mphasa kuti dzuwa lisameretse ndere, ndipo vundikirani pakamwa pake ndi waya womanga bwino. Mwana wamng'ono akhoza kumira m'madzi akuya masentimita 60.
11. Dzazani madzi, muyatse pampu, muone podontha.

Belu ikakana kuyamba kukoka, onjezani madzi olowa. Ikakana kuleka, achepetseni pa kavavu. Ikakuvutani kwa masiku, ichotseni, madzi azingosefukira pa paipi yoimirira. Ndiwo zamasamba zimakulabe chotero malinga pampu isaime.

Madzi oyenera

Madzi a pampopi a Eastern Water and Sanitation Company amathiridwa kolorini, amene amapha bakiteriya ndi nsomba. Aikeni m'dilamu losavundikira kwa masiku awiri musanawathire. A pa mjigo kawirikawiri amakhala ndi pH yokwera, choncho ayezeni, ndipo ikapitirira 7.5 asakanizeni ndi a mvula. Potunga a mvula padenga, lolani oyamba atsuke denga ndi kupita. Madzi a m'ngalande za m'munda wa thonje kapena wa tomato wopopera musawayandikize n'komwe.

Masabata odikira

Apa ndi pamene oyamba kumene amagwa. Thanki yamangidwa, madzi ali mbee, mtima ukufuna kuona nsomba zikusambira lero lomwe. Koma m'miyala yatsopano mulibe bakiteriya. Kuthira nsomba zonse m'thanki yotere kuli ngati kutsekera mbuzi khumi m'khola lopanda wosesa.

Siyani pampu iziyenda usana ndi usiku, ndipo tsiku lililonse muziponya katsine ka chakudya cha nsomba m'madzi kuti kaole. Kuolako ndiko kumapereka amoniya woitana bakiteriya. Yezani madzi kawiri pa sabata. Mudzaona amoniya akukwera kenako n'kutsika, naitiraiti n'kuchitanso chimodzimodzi. Onse awiri akatsika pansi pa 1 mg pa lita, thanki yakonzeka. Nyengo yofunda zimatenga masabata 3 mpaka 6. M'nyengo yozizira zimachedwerapo. Ngati mulibe choyezera, dikirani masabata 6 athunthu, muyambe ndi nsomba 5, zinazo muonjezere patatha masabata awiri. Ngati mnansi ali ndi bedi lakale la nsomba zathanzi, mpempheni ndowa ya miyala yonyowa musakanize ndi yanu. Masiku odikira adzachepa.

Kalendala yoyenera kuno ndi iyi: mangani mu Ogasiti, dikirani mu Seputembala, ikani nsomba kumayambiriro kwa Okutobala. Zidzakula m'miyezi yonse yofunda n'kukololedwa mu Epulo kapena Meyi, chisanu chisanafike.

Nsomba

Mphende, zimene m'misika amati bream, ndizo zoyenera woyamba. Zimakula bwino madzi akakhala pa madigiri 27 mpaka 30, ndipo zimadya zamasamba zomwe. Pitani ku ofesi ya Fisheries pa boma, ku Petauke kapena ku Nyimba, mukafunse mtundu wololedwa m'dera lanu ndi kumene mungagule mbewu ya nsomba yodalirika. Pemphani zamphongo zokhazokha. Mukasakaniza zidzaswana, thanki idzadzaza tiana, ndipo palibe imene idzakule. Tinsomba togwira kumtsinje tikhoza kubweretsa matenda.

Mlamba umapirira mpweya ukachepa chifukwa umatha kupumira pamwamba pa madzi. Kuipa kwake, umafuna chakudya chodula, waukulu umadya waung'ono, ndipo umalumpha kutuluka m'thanki yosavundikira.

Ikani nsomba 15, osapitirira. Chiwerengerochi chikuchokera ku kukula kwa bedi, osati kwa thanki. Bungwe la FAO limalangiza magalamu 40 mpaka 50 a chakudya cha nsomba pa tsiku pa sikweya mita iliyonse ya ndiwo zamasamba. Bedi lanu lingayeretse madzi a chakudya cha magalamu 60 pa tsiku, chomwe ndi chakudya cha nsomba 15 zikayandikira magalamu 300 iliyonse. Mukafuna nsomba zambiri, onjezani kaye mabedi. Dilamu la pulasitiki la malita 200 lodula pakati m'litali limapereka mabedi awiri.

Nyamulani nsomba m'mawa kukadali kozizira. Pofika, yandamitsani thumba lake m'thanki kwa mphindi 20 mpaka 30 lisanamasulidwe, muthiremo madzi a m'thanki pang'onopang'ono, kenako muzitulutse. Tsiku limenelo musazidyetse.

Kudyetsa

Gwiritsani ntchito chakudya choyandama cha m'matumba, monga cha Novatek kapena Tiger, cha timibulu tolingana ndi kamwa la nsomba zanu. Dyetsani kawiri pa tsiku, dzuwa litakwera ndiponso chakumadzulo kusanade. Perekani chokha chimene zingamalize m'mphindi 15, chotsala muchiwolemo ndi kasefa. Pemphani wa pasitolo akuyezereni magalamu 30 pasikelo, mulembe mzere pa kapu yanu, mzerewo ukhale malire a chakudya cha nthawi imodzi. Pofika pokolola, nsomba 15 zidzakhala zitadya makilogalamu 7 mpaka 9. Sungani thumba pouma. Chakudya chochita nkhungu chitayeni.

Gaga ndi wabwino m'damu la dothi, koma m'thanki amamira, amaola ndi kutseka miyala. Inswa, nyongolotsi ndi masamba a kholowa mungaponyemo pang'ono ngati chowonjezera. Manyowa a nkhuku kapena a nkhumba musathire konse: madzi omwewa akupita ku ndiwo zimene ana adzadya. Ndipo m'nyumba musankhe wodyetsa mmodzi. Bambo akadyetsa, mayi n'kudyetsanso, ana pobwera kusukulu n'kuonjezera, nsomba zimafa ndi chikondi cha banja lonse.

Kubzala

Fesani mbewu pa nazale monga mwa masiku onse. Mbande zikafika masamba 3 kapena 4, zulani mosamala, mutsuke dothi lonse ku mizu, mufukule miyala mpaka ponyowa, muike mizu n'kubwezera miyala. Okerani madzulo.

Yambani ndi repu, chayinizi, mpiru, bonongwe, letesi ndi anyezi wa masamba. Bedi limodzi limatenga mbande 20 mpaka 25, koma poti nsomba zikadali zazing'ono ndipo ndowe zake n'zochepa, okerani theka kaye. Tomato, tsabola ndi therere zimadya kwambiri. Zidikire mpaka bedi litakwanitsa miyezi 4 mpaka 6, ndipo muike mitengo iwiri yokha. Mbatata, chinangwa ndi nkhwani zisiyireni kumunda. Musazule bedi lonse tsiku limodzi, chifukwa madzi adzasowa owayeretsa. Pamene mwazula okeranipo mbande ina.

Mankhwala: chenjezo lalikulu

Kuno timalima thonje, ndipo m'nyumba zambiri muli mabotolo a mankhwala opopera ndi sipuleya yake. Madontho ochepa okha akhoza kupha thanki yonse. Musapopere ndiwo za m'bedi, musapopere pafupi kukuomba mphepo, musagwiritse ntchito ndowa kapena kapu imene inakhudzapo mankhwala. Amene wachokera kopopera asambe asanayandikire. Obwera kudzapopera udzudzu m'nyumba akafika, vundikirani thanki ndi bedi ndi pulasitiki.

Mankhwala achikuda nawonso si onse abwino. Ombwe, umene ena amati ububa, alimi amaubzala kuti ubwezere chonde ndipo amapopera madzi ake ku ndiwo. Koma ndi womwewo umene makolo ankaphera nsomba m'maiwe. Madzi a fodya nawonso amapha, ndipo a nimu samalani nawo. Nsabwe za m'masamba ziphwanyeni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi, mbozi zitoleni m'mawa, mbewu yogwidwa kwambiri izuleni muitaye kutali.

Ntchito yake

Tsiku ndi tsiku onani ngati pampu ikuyenda ndiponso ngati nsomba zikuthamangira chakudya. Sabata iliyonse yezani madzi, tsukani kasefa ka pampu, pukutani fumbi pa sola, ndipo chotsani mizu yolowa ku belu. Kamodzi pa mwezi kokani matope a pansi pa thanki ndi paipi, mukathire ku nthochi kapena ku mapapaya.

Mukaona izi

- Nsomba zili pamwamba zikuyasamula kukamwa: mpweya wachepa. Onjezani thovu, thirani madzi kuchokera m'mwamba, lekani kudyetsa.
- Nsomba zakana chakudya, madzi achita mbuu kapena akununkha: chakudya chachuluka. Lekani kudyetsa masiku awiri, chotsani madzi gawo limodzi mwa magawo anayi n'kuthira ena abwino. Musasinthe onse mwakamodzi.
- Masamba akunsi achita chikasu: chakudya cha mbewu chachepa. Chepetsani mbewu.
- Masamba a kunsonga achita chikasu, mitsempha ili yobiriwira: mbewu ikusowa ayironi, ndipo kawirikawiri pH yakwera. Yezani, pH yoyenera ndi 6 mpaka 7.
- Patapita miyezi pH yatsika pansi pa 6: mangani zikhokhombe za mazira zosinja m'kansalu, muike podutsa madzi.
- Nsomba yafa: ichotseni nthawi yomweyo, muikwirire, ndipo yezani madzi musanachite china.

Miyala ya m'bedi musaitsuke ndi sopo kapena kuiumitsa padzuwa. Mukatero mwapha bakiteriya ndipo muyambiranso kudikira masabata aja.

Chisanu ndi kutentha

Mu Juni ndi Julayi, makamaka kumtunda kwa Petauke, madzi a m'thanki yaing'ono amazizira msanga usiku. Akatsika pansi pa madigiri 20, mphende zimachepetsa kudya. Chepetsani chakudya, kutirani thanki ndi udzu kapena masaka, ndipo ivundikireni usiku. Mu Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Nyimba ndi m'chigwa, vuto ndi kutentha: mangani kachisakasa kotchinga dzuwa la masana ndipo thovu lisaleke usiku wonse. Mvula yamphamvu ikagwa thanki ikhoza kusefukira, choncho boolani kabowo kotayira madzi m'mwamba, mukatchinge ndi sefa. Nsomba zoweta musazitayire mumtsinje kapena m'damu la m'mudzi.

Kukolola ndi thandizo

Musadyetse tsiku loti mawa mukolola. Gwirani zazikulu ndi kaukonde, zingapo nthawi imodzi, kuti bedi lisasowe chakudya mwadzidzidzi. Ndiwo muzitsuke ndi madzi akumwa musanaphike, ndipo sambani m'manja mukagwira madzi a m'thanki.

Mtengo wa sola, batire, pampu ndi thanki ndi waukulu kwa banja limodzi. Makalabu ndi makopaletivu olembetsedwa akhoza kupempha thandizo ku thumba la chitukuko la CDF kudzera ku Ward Development Committee ya kwanu, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'kampu yanu angakulozereni njira. Ndi bwino kalabu imange thanki imodzi yophunzirirapo kwa nyengo yathunthu, mamembala asanamange zawozawo.

Musanagule chilichonse, lembani papepala mtengo wa sola, batire, pampu ziwiri zija ndi chakudya cha makilogalamu 10. Ngati ndalama yanu ikukwanira thanki ndi nsomba zokha, koma siikukwanira sola ndi batire, musagule nsomba chaka chino.